Zimene magazi amaulula pa nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa

Munthu akabwera ndi zala zotupa m'manja onse awiri, zimene zimauma m'mawa moti amatha ola lathunthu asanakwanitse kumanga mabatani a malaya, dokotala amakayikira nyamakazi yotchedwa rheumatoid arthritis ndipo amamutumiza kukayezetsa magazi. Nthendayi siyamba chifukwa cha ukalamba, koma chifukwa chakuti chitetezo cha m'thupi chasokonekera n'kuyamba kuukira kamnofu kopyapyala kamene kamakuta mkati mwa mfundo, ndipo nkhondo imeneyi imasiya zizindikiro m'magazi.

Chizindikiro chakale kwambiri ndi rheumatoid factor, chimene Erik Waaler wa ku Norway anachifotokoza mu 1940. Awa ndi asilikali a m'thupi amene amagwira asilikali anzawo m'malo mogwira tizilombo. Amapezeka mwa odwala pafupifupi 7 pa 10 alionse, koma amapezekanso mwa anthu odwala chifuwa chachikulu, odwala matenda a chiwindi a mtundu wa C, ngakhalenso okalamba ena amene alibe vuto lililonse. Zimandidetsa nkhawa kuona munthu akuuzidwa kuti ali ndi nyamakaziyi pongotengera pepala la zotsatirazi, mfundo zake osazigwira n'komwe.

Chimene ndimachidalira kwambiri ndi anti-CCP. M'thupi muli mapuloteni amene nthawi zina amasinthika pang'ono, kachigawo kawo kotchedwa arginine n'kusanduka citrulline, ndipo mwa anthu ena chitetezo chimawaona mapuloteni osinthikawo ngati adani, n'kupanga asilikali owaukira, amene ndi anti-CCP. Utsi wa fodya umalimbikitsa kusinthikaku m'mapapo, n'chifukwa chake osuta ali pa chiopsezo chachikulu. Anti-CCP sapezekapezeka mwa anthu amene alibe nthendayi, amatha kuonekera zaka zingapo mfundo zisanayambe kupweteka, ndipo akachuluka amachenjeza kuti mafupa angadyeke msanga.

CRP, puloteni imene imapangidwa m'chiwindi, pamodzi ndi ESR, muyeso wa liwiro limene maselo ofiira a magazi amatsikira pansi m'kabotolo koyezera, zimangosonyeza kukula kwa kutupa, osati gwero lake, choncho zimathandiza kwambiri poona ngati mankhwala akugwira ntchito.

Palinso odwala amene magazi awo sasonyeza rheumatoid factor kapena anti-CCP, koma nthendayo ali nayo ndithu. Ndondomeko imene akatswiri a ku America ndi ku Ulaya anagwirizana mu 2010 imawerengera pamodzi kuchuluka kwa mfundo zotupa, zotsatira za magazi, ndiponso ngati vutolo lafika milungu 6, moti wodwala wotereyu akhoza kuyamba kulandira mankhwala otchedwa methotrexate mafupa asanawonongeke.