Kukhetsa oyilo wa injini pakhomo: samalani bawuti ya pansi

Anthu amene amadzisinthira okha oyilo wa galimoto amakonda kundifunsa kuti ayenera kudikira nthawi yaitali bwanji kuti oyilo wakale atheretu m'injini. Ena amasiya sampu (chibekete cha pansi pa injini mmene mumakhala oyilo) yotsegula usiku wonse, ena amagwedeza galimoto kuti dontho lomaliza ligwe. Yankho langa ndi lakuti ngati oyilo ali wofunda, mphindi 10 mpaka 15 ndi zokwanira. Akasiya kuyenderera n'kuyamba kudontha limodzilimodzi, tsekani. Oyilo satha yense ngakhale mudikire chotani, chifukwa wina amatsalira m'tinjira ta mkati mwa injini, mu pampu ndi pamwamba pa hedi (chigawo cha pamwamba cha injini). Opanga magalimoto amazidziwa izi, n'chifukwa chake mabuku ambiri amalemba miyeso yosiyana: wa injini youma yongomangidwa kumene, wa posintha oyilo pamodzi ndi fyuluta, ndi wa posintha oyilo yekha. Wotsalirayo amasakanikirana ndi watsopano ndipo sawononga kanthu.

Zimene zimafikitsa galimoto ku galaji pambuyo pa ntchitoyi ndi zina: mazinga a sampu odyeka, washa wakale amene akudonthetsa oyilo, bawuti yolakwika imene inamasulidwa, kapena dzanja lopsa. Zambiri mwa izi zimachitikira pa bawuti imodzi yomweyo ya pansi pa sampu.

Musanagwire sipanala, onetsetsani kuti oyilo watsopano alipo wokwanira ndipo ndi wa mtundu umene buku la galimoto yanu likunena, fyuluta ndi yoyenera, washa watsopano ali pafupi. Tsegulani chivundikiro cha pothirira oyilo, muyesenso ngati fyuluta yakale ikutheka kumasuka. Zikumveka zazing'ono, koma fyuluta ikakana kumasuka oyilo atatuluka kale, galimotoyo simungayendenso nayo kukafuna chida china. Chivundikirocho chisiyeni chotsegula ndipo musolole pang'ono dipisitiki (kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo), kuti mpweya uzilowa pamwamba oyilo azituluka bwino osachita kudumphadumpha.

Nkhani ya kutentha ndiyo imasokoneza anthu. Oyilo wozizira ndi wolimba, amayenda pang'onopang'ono ndipo wambiri amakakamira m'makoma a sampu. Komanso zinyalala zolemera zimakhala zitadikha pansi, monga amachitira matope m'madzi amene akhala osagwedezeka. Injini ikalira kwa mphindi 5 mpaka 10, oyilo amasungunuka, zinyalalazo zimavunduka n'kutulukira limodzi naye. Koma injini imene yangochokera pa ulendo wautali imakhala ndi oyilo wotentha pafupifupi madigiri 100 kapena kupitirira, ndipo oyilo wotero akakugwerani amakakamira pakhungu, sachoka msanga ngati madzi. Ikakhala yotero idikireni mphindi 20 mpaka 30. Muyeso wosavuta ndi uwu: sampu ikhale yofunda moti mukhoza kuigwira ndi dzanja osalichotsa msanga. Oyilo wopepuka wa magalimoto atsopano, monga 0W-20, amatuluka bwino ngakhale atangofunda pang'ono. Wolemera monga 15W-40 kapena 20W-50 ndiye amafunadi kutenthetsedwa. Kumbukiraninso kuti paipi ya ekizozi imadutsa pafupi ndi sampu ndipo imatentha kuposa oyilo.

Pa za kukweza galimoto sindinyengerera. Jeke yobwera ndi galimoto anaipangira kusintha tayala, munthu ali panja. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yatsamira pa jeke yokha, ngakhale ya haidiroliki, pakuti labala wa mkati mwake akhoza kuphulika nthawi iliyonse. Ikani masitandi achitsulo pa malo olimba amene buku likusonyeza, pansi pakhale posalala ndi pouma, kokani handibuleki, mupinge matayala otsala pansi. Njerwa zimasweka mosachenjeza. Mukatsitsira galimoto pa masitandi, ikankheni ndi mphamvu muone ngati ikugwedera musanalowe. Ngati galimoto yanu ndi yaitali moti mukhoza kufikira bawuti osaikweza, ndi bwino kwambiri. Mukakweza kutsogolo kokha, yang'anani pamene pali bawuti: ikakhala chakumbuyo kwa sampu, kupendekako kukuthandizani, koma ikakhala chakutsogolo oyilo wina adzatsalira kumbuyo.

Tsopano bawuti. Pa magalimoto okoka ndi matayala akutsogolo, injini ndi giyabokosi zimakhala moyandikana, ndipo chilichonse chili ndi bawuti yake yokhetsera. Munthu atagona chagada, zonse zimaoneka zofanana. Amene walakwitsa apa amakhetsa giyabokosi, kenako n'kuthira malita anayi mu injini imene ndi yodzaza kale, ndiye amayenda ndi giyabokosi youma komanso injini yosefukira. Tsatirani ndi maso kuchokera pa injini yeniyeniyo kutsika pansi mpaka pa sampu yake. Ngati chotuluka chili chofiira, kapena chikununkha fungo lamphamvu la salufa, bwezerani bawuti nthawi yomweyo: ameneyo ndi oyilo wa giya.

Pukutani dothi lozungulira bawuti, kenako sankhani sipanala yokwana ndendende. Magalimoto ambiri a Toyota ndi 14 mm, a Honda ambiri ndi 17 mm, ena amafuna aleni kiyi. Soketi ya makona asanu ndi imodzi imagwira bwino kuposa ya makona 12, ndipo sipanala yosinthasintha kukula kapena pulayala ndizo zimadya mutu wa bawuti. Pomasula, zungulitsani mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera, inu mutayang'anizana ndi mutu wa bawutiyo. Ndanena izi chifukwa munthu akafikira bawuti chakumbali kapena chakumbuyo kwake, mutu umasokonezeka, amakhala akumanga poganiza kuti akumasula, ndipo akawonjezera mphamvu mazinga amatha.

Bawuti ikangogonja, siyani sipanala mumalize ndi zala, mutavala magolovesi. Muziikankhira mkati uku mukupotokola, kuti oyilo asayambe kutuluka m'mbali. Mukamva kuti zinga lomaliza lamasuka, ichotseni msanga chokweza dzanja m'mwamba. Poyamba oyilo amatumphuka patali ndithu, makamaka ngati bowo layang'ana kumbali, kenako mphamvu ikamachepa amabwerera n'kumagwera pansi penipeni pa bowolo. Choncho beseni liyambire patsogolo pang'ono, muzilisuntha. Likhale lalikulu kuposa oyilo amene mukuyembekezera. Injini zambiri za masilinda anayi zimasunga malita pakati pa 3.5 ndi 5, koma za dizilo zazikulu zimapitirira apo.

Pamene oyilo akutuluka, muyang'aneni, chifukwa akukuuzani za mkati mwa injini. Kuda pakokha si vuto, makamaka pa dizilo, pomwe mwaye umadetsa oyilo watsopano mosachedwa. Woyererako ngati wasakanizidwa ndi mkaka amasonyeza kuti madzi a redieta akulowa, nthawi zambiri kudzera pa gasiketi ya hedi. Fungo lamphamvu la petulo kapena dizilo, oyilo ali wamadzimadzi, ndiye kuti mafuta akutsikira mu sampu. Tizitsulo tonyezimira m'beseni ndi nkhani ya mabering'i, ndipo imeneyo ndi ya makaniko. Bawuti zina zili ndi maginito kunsonga: kaufa kotuwa kochepa ndi kachibadwa, koma tizibenthu tomveka ku zala ayi. Ndi nzerunso kuyeza malita amene atuluka. Mukapeza ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene munathira ulendo watha, injini ikuwotcha oyilo kapena ikudontha penapake.

Fyuluta ichotseni nthawi yomweyinso. Ngati ndi ya pepala yokhala m'chibekete pamwamba pa injini, monga pa magalimoto ambiri a BMW ndi Mercedes-Benz, imasuleni musanatseke bawuti, chifukwa oyilo wa m'chibeketemo amatsikira mu sampu mukangoitsegula. Ngati ndi yachitsulo yopotokola, yang'anani kuti labala wake wozungulira wachoka nayo limodzi. Akatsalira pa injini inu n'kumanga yatsopano pamwamba pake, malabala awiriwo amatsetsereka injini ikangolira, ndipo oyilo amatha m'kanthawi kochepa. Pakani oyilo pang'ono pa labala watsopano, mangani ndi dzanja, labala akakhudza muwonjezere pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, kapena monga alembera pa fyulutayo.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndimaletsa. China ndi kuliza injini bawuti ili yochotsa kuti pampu ikankhe oyilo wotsala. Masekondi ochepa amenewo mabering'i amayenda opanda chowateteza. China ndi kutsuka injini ndi dizilo kapena parafini. Zimenezi zimasiya madzimadzi amene amachepetsa mphamvu ya oyilo watsopano, komanso zikhoza kugumula zinyalala zakale n'kutseka sefa ya pampu. Injini imene imasinthidwa oyilo pa nthawi yake sifuna kutsukidwa. Kuthira oyilo watsopano pang'ono kuti akankhe wakale sikuwononga, koma phindu lake ndi lochepa kwambiri.

Pobwezera bawuti ndi pamene sampu zambiri zimafera. Washa wa aluminiyamu kapena wa kopa amatseka mwa kuphwanyika, ndipo akaphwanyika kamodzi amauma. Mukamubwezera wakaleyo amadontha, munthu n'kumangowonjezera kumanga, mpaka mazinga kudyeka. Sampu zambiri masiku ano ndi za aluminiyamu, yomwe ndi yofewa kuposa chitsulo cha bawuti, ndiye chogonja ndi sampuyo, imene kuikonza n'kodula kwambiri kuposa washa. Onaninso kuti washa wakale sanakakamire pa sampu. Pukutani pamalopo, lowetsani bawuti ndi zala mpaka ifike kumapeto. Ikalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri, yalowa mopendama, itulutseni muyambirenso, musaikakamize ndi sipanala. Mphamvu yomangira pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri imakhala pakati pa 25 ndi 45 Nm (muyeso wa mphamvu yopotokolera bawuti), ndipo nambala yeniyeni ili m'buku. Torque wrench, sipanala imene imayeza mphamvu yomangira, ndiyo njira yotsimikizika. Ngati mulibe, gwiritsani sipanala yaifupi ndi dzanja limodzi, osalumikiza paipi. Magalimoto ena atsopano ali ndi sampu ndi bawuti za pulasitiki, ndipo bawuti yotero imasinthidwa yonse nthawi iliyonse.

Kwa amene amaopa bawuti, pali pampu yokoka oyilo kudzera pa bowo la dipisitiki. Imagwira bwino ngati kapaipi kake kakufika pansi penipeni pa sampu, zimene sizitheka pa injini iliyonse. Kuyeza malita otuluka ndiko kungakuuzeni ngati yakoka mokwanira.

Mukathira oyilo watsopano, lizani injini osaponda mafuta. Nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa, ikapanda kuzima zimitsani injini. Suzumirani pa bawuti ndi pa fyuluta ngati sipakudontha, tsitsani galimoto, dikirani mphindi zisanu, muyeze ndi dipisitiki galimoto ili pamalo osapendeka. Pa magalimoto ambiri, pakati pa mizere iwiri ya dipisitiki pamalowa pafupifupi lita imodzi.

Oyilo wakale muthireni m'chigubu chotseka bwino, osamusakaniza ndi madzi a redieta, petulo kapena mafuta a mabuleki, chifukwa wosakanizidwa savomerezedwa kokamukonzanso. Asapite m'ngalande, m'dzenje kapena pansi. Bungwe loteteza chilengedwe la EPA la ku United States limati oyilo wochokera pa kusintha kumodzi kokha angathe kuipitsa madzi abwino okwana magaloni miliyoni imodzi, omwe ndi malita pafupifupi 3.8 miliyoni. Akakugwerani pakhungu sambani ndi sopo, osati petulo, pakuti oyilo wogwira kale ntchito amakhala ndi zotsalira za moto zimene zimatha kuyambitsa khansa ya pakhungu akamakhudza thupi kawirikawiri. Fyuluta yakale itembenuzeni pa beseni itsanuke usiku wonse, kenako muitengere pamodzi ndi chigubucho ku galaji kapena kumalo amene amalandira oyilo wakale.