Musafufute mafayilo oyambirira musanayese zip yanu

Dandaulo lomwe ife a makompyuta mu Lilongwe muno timamva mobwerezabwereza ndi limodzi: "Zip yanga yakana kutseguka, mungandibwezere?" Ukafunsa komwe kuli mafayilo oyambirira, amati anafufuta kalekale pofuna malo. Izi zimanditopetsa, chifukwa kuyesa komwe kukanawapulumutsa sikutenga nthawi. Kupanikiza mafayilo si kusunga ayi. Mwasunga pokhapokha mutaona ndi maso anu kuti zomwe munalongedzazo zikutuluka zonse, zili bwinobwino.

Pa zip, tsegulani windo lolembera malamulo a kompyuta (terminal) ndipo lembani `unzip -t malipoti.zip`, kapena `7z t malipoti.zip` ngati muli ndi 7-Zip. Pulogalamuyo imamasula fayilo iliyonse popanda kuilemba pa disiki, n'kuiyerekeza ndi nambala yotsimikizira fayiloyo, ya CRC-32, yomwe inasungidwa tsiku lopanikiza. Zikasiyana, ikuuzani dzina la fayilo yowonongekayo. Koma musadalire maso okha, mizere imathamanga ndipo cholakwa chimodzi chimabisala pakati pa mayina mazanamazana. Ikangomaliza lembani `echo $?` pa Linux, kapena `echo %ERRORLEVEL%` pa Windows. Ikakupatsani 0, zayenda. Pa 7-Zip, 1 ndi chenjezo, 2 ndi vuto lalikulu. Pa unzip, 50 ikutanthauza kuti disiki yadzaza ntchito ili m'kati. Amene mumalemba tima script (timapulogalamu todziyendera tokha) tosunga mafayilo usiku, nambala imeneyi ndiyo muziiyang'ana musanalole script kufufuta chilichonse.

Pa tar, njira ina yolongedzera mafayilo pamodzi, ambiri amadzinamiza. `tar -tf` pa fayilo ya .tar yosapanikiza imangotchula mayina a zomwe zili m'katimo, chifukwa tar amateteza mitu ya mafayilo yokha, osati zam'kati mwake. Mayina atha kutuluka onse, chikalata chili chovunda. Ya .tar.gz muiyese ndi `gzip -t`. Ya .tar yokha, tengani nambala yake yotsimikizira ndi `sha256sum` isanachoke pomwe yapangidwira, mudzaitengenso ikafika, muone ngati zikufanana.

Chida chenichenicho chopanikizira ndi kumasulira nachonso chiyesedwe musanachikhulupirire ndi ntchito ya ofesi. Pangani foda yoyeserera n'kuikamo dala zinthu zovuta: fayilo ya dzina lokhala ndi mpata pakati, ina yokhala ndi ŵ ngati Malaŵi, ina ya kachizindikiro ka mu ng'ombe komwe kamasokoneza script yolembedwa mosasamala, foda yopanda kanthu, mafayilo awiri a dzina limodzi m'mafoda osiyana, ndi imodzi yoposa 4 GB. Panikizani, masulirani mu foda ina yatsopano, kenako `diff -r yoyamba yachiwiri`. Ikangokhala chete osalemba kanthu, ndiye kuti zafanana. Pamenepa mudzaonanso kusiyana kwa `7z x` ndi `7z e`. Ya x imabwezeretsa mafoda momwe analili. Ya e imakhuthulira zonse malo amodzi, ndiye lipoti.docx wa Januwale ndi lipoti.docx wa Febuluwale amalimbirana dzina, ndipo ngati munawonjezera `-y` wina amafufuta mnzake popanda kukufunsani.

Mukatero wonongani zip yoyesererayo mwadala. `head -c 100000 yabwino.zip > yoduka.zip` ikupatsani fayilo yodulidwa ngati yomwe mumatsala nayo magetsi akazima kapena bandulo ikatha mukukopera pa intaneti. Zip imasunga mndandanda wa zam'kati mwake kumapeto kwenikweni, choncho yoduka imataya mndandandawo ndipo unzip amadandaula kuti "End-of-central-directory signature not found". Ndi momwe ziyenera kukhalira. Chida chomwe chalandira fayilo yoduka n'kukupatsani 0, chichotseni lero lomwe.

Nkhani yomwe imandipweteka kwambiri ndi ya mafulashi. Ofesi yapanikiza zikalata za chaka chonse, yayesa zip pa kompyuta, yadutsa, yakopera pa fulashi, n'kufufuta zonse za pa kompyuta. Chomwe anayesa ndi cha pa kompyuta, cha pa fulashi sanachikhudze. Ngati fulashiyo inafomatidwa mwa mtundu wa FAT32, fayilo imodzi siingapitirire 4 GB, koma apo bola, kompyuta imakana poyera. Choopsa ndi fulashi yachinyengo, yomwe imalengeza 64 GB pomwe m'kati muli malo ochepa kwambiri. Dzina la fayilo limaoneka, kukula kwake kumaoneka kolondola, koma zomwe zinapitirira malo enieniwo sizinalembedwe paliponse, kapena zinalembedwa pamwamba pa zinzake. Palibe amene amadziwa mpaka ofufuza za chuma atafuna mabukuwo patapita miyezi, pomwe laputopu yoyambirira ija inafomatidwa kale. Pamenepo ngakhale katswiri wotani sangabweze chinthu chomwe sichinalembedwe n'komwe. Ndiye yesani zip ili pa fulashi pomwepo, ndipo muyambe mwazula fulashiyo n'kuilowetsanso, kuti kompyuta iwerengedi pa fulashi osati zomwe ikukumbukirabe mu RAM. Fulashi yatsopano iyambe yadutsa mu pulogalamu ya H2testw pa Windows kapena f3 pa Linux, zomwe zimaidzaza yonse n'kuwerenganso.

Zikavuta, musathamangire kwa aliyense amene walonjeza kuti ali ndi pulogalamu yokonza zip iliyonse. Ena mwa mapulogalamu oterewa ndi obedwa, ndipo amabwera ndi mavairasi omwe mukawalowetse pa kompyuta ya ofesi. Ena amagwira ntchito pa fayilo yokhayo yomwe muli nayo n'kuimaliziratu. Koperani kaye fayilo yowonongekayo pamalo ena, musalembenso kanthu pa fulashiyo, kenako yesani `zip -FF yoduka.zip --out yokonzedwa.zip`. Imatolera mafayilo omwe akadali athunthu, siipanga zomwe zinasowa. Ndipo si kukana kulikonse komwe kuli kuwonongeka. Unzip 6.0 ndi wa 2009 ndipo sadziwa zip yotsekedwa ndi pasiwedi mwa njira ya AES, amangoti "unsupported compression method 99", pomwe 7-Zip amaitsegula bwinobwino mukampatsa pasiwedi. Yogawidwa m'zidutswa za .7z.001, .7z.002 imafuna zidutswa zonse zikhale mu foda imodzi, n'kuyambira pa choyamba.

Zip yochokera kwa munthu wina, kaya pa imelo kaya pa WhatsApp, muziyamba mwaisuzumira ndi `unzip -l` kapena `7z l`. Mukaona dzina loyamba ndi `../`, imeneyo ikufuna kutuluka mu foda yanu kukalemba kwina, vuto lomwe linatchuka mu 2018 ndi dzina loti Zip Slip. Onaninso kukula kwa zam'kati: fayilo yotchedwa 42.zip ndi ya makilobaiti 42 okha, koma kuimasula yonse ingafune mapetabaiti 4.5. Musamasule ndi `sudo`, lamulo lopatsa mphamvu zonse pa kompyuta, ndipo masulirani mu foda yopanda kanthu, `-d` pa unzip, `-C` pa tar. Amene muli ndi pulogalamu yomasulira ya WinRAR yakale, vuto la 2023 lomwe linkalola zip kuyendetsa pulogalamu yobisika munthu akangodina chikalata cham'kati mwake linakonzedwa mu 6.23, ndipo WinRAR sadzikonza yekha. Onani nambala ya yanuyo, ikakhala yotsikirapo mukopere yatsopano pa tsamba la eni ake.