Robert Hoddle: anayeza yekha tauni ya Melbourne, kugulitsa yekha mapuloti, nkugulakonso

Anthu ambiri amaona ngati ife masaveya, oyeza malo, ntchito yathu ndi kukhoma mabikoni a mmalire basi, kenako kusaina pepala nkumapita. Lero mwina eya, poti pali makhonsolo, unduna wa malo, maloya, aliyense ndi gawo lake. Koma nthawi ya atsamunda saveya anali munthu woopsa, pomwe wadutsitsa tcheni chake mpomwe padzakhale mseu mpaka kalekale, ndipo nthawi zina yemweyo ndi amene ankagulitsanso malowo mmalo mwa boma. Chitsanzo chabwino ndi Robert Hoddle, yemwe anayeza tauni ya Melbourne ku Australia.

Mkuluyu anabadwira ku London mu 1794, ntchito anaiphunzira ku usilikali komwe ankajambula mamapu. Anakhalako pang'ono ku Cape Colony (ku South Africa ya lero), kenako mu 1823 anafika ku New South Wales ku Australia, nkuyamba kuyeza misewu ndi minda mmapiri a Blue Mountains ndi madera ena. Zaka zoposa khumi akugona mmatenti, akulimbana ndi bwana wake Thomas Mitchell yemwe sankamukonda nkomwe.

Kuti mumvetse zomwe anachita ku Melbourne muyambe mwadziwa chida chake. Kunalibe GPS kapena makina omwe timanyamula lerowa, chinalipo ndi kampasi ndi tcheni chachitsulo cha Gunter, chotalika mafiti 66, ndiye kuti mamita 20 ndi kakanthu, chokhala ndi mfundo 100. Anyamata awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, amachikoka nkubaya chikhomo, kukoka nkubaya, tsiku lonse. Matcheni 80 ndi mailo imodzi. Malo a tcheni chimodzi mulifupi ndi matcheni 10 mulitali ndi ekala imodzi, ekala yomweyi imene mumatchula mukamati ndalima maekala awiri a chimanga. Masamu ake ndi ophweka dala kuti munthu awerengetse ali kutchire.

Mu March 1837 Hoddle anafika ku Port Phillip, dera lomwe kuli Melbourne, ndi bwanamkubwa wa New South Wales, Richard Bourke. Anapeza azungu atamanga kale tizisakasa tawo mmbali mwa mtsinje wa Yarra popanda chilolezo cha boma, ndiye boma linkafuna tauni yadongosolo kuti liyambe kugulitsa malo. Pulani yake inali ya mabuloko a matcheni 10 uku ndi uku, kutanthauza maekala 10 buloko iliyonse, ndipo mizere yake sinaloze kumpoto ayi, inatsata mmene mtsinje wagonera. Pali mkangano mpaka lero poti saveya wina, Robert Russell, anali atayezapo kale malowo, koma dzina lomwe linatsala ndi la Hoddle.

Pomwe ndimamuvulira chipewa ndi pa kukula kwa misewu. Iye anaumirira kuti misewu ikuluikulu ikhale tcheni chimodzi ndi theka, mafiti 99, pafupifupi mamita 30, mkamudzi ka anthu ochepa oyenda pa ngolo za ng'ombe! Bourke anavomera koma naye anakakamira zake, kuti pakati pa mabuloko pakhale timisewu ta mafiti 33 tolowera kuseri kwa mapuloti. Hoddle sanatifune timeneti. Koma taonani, misewu yaikulu ija ndi yomwe lero mumadutsa ma tram (tisitima ta mtauni) ndi magalimoto osagwetsa nyumba ya munthu, ndipo timisewu tija anthu anagawa mapuloti nkuyamba kumanga moyang'ana komweko, mpaka Little Bourke Street inasanduka Chinatown, dera la anthu ochokera ku China, golide atapezeka mderalo mma 1850. Onse awiri anawina tingotero.

Pomwe Hoddle anaphonya ndi pa madzi. Elizabeth Street anaidutsitsa mchigwa momwe munkayenda kamtsinje, pa pepala mzere uli bwinobwino koma mvula siwerenga mapu, mseuwo unkasanduka mtsinje ndipo ngakhale mu 1972 madzi anasefukiranso momwemo. Mukamagula puloti mudzifunsa kaye kuti madzi amapita kuti, musamangosangalala ndi kuongoka kwa malire.

Tsopano pa 1 June 1837, tsiku loyamba kugulitsa mapuloti, woitanira okushoni anali Hoddle yemweyo. Analandira komishoni ya mapaundi 57 ndi mashilingi ena, ndipo anagula mapuloti awiri. Woyeza ndi iye, wogulitsa ndi iye, wogula ndi iyenso. Lero saveya wa boma atachita zimenezi tingati ndi katangale wosachita kufunsa, koma nthawi imeneyo palibe anadabwa. Ndipo pamene ankagulitsa, eni nthaka enieni, anthu a mtundu wa Wurundjeri, sanafunsidwe kanthu. Bourke anali atalengeza kale mu 1835 kuti malo onse ndi a ufumu wa Britain, moti pa mapu a Hoddle nthakayo inalembedwa ngati yopanda mwini.

Hoddle anayezanso matauni a Williamstown ndi Geelong. Dera la Port Phillip litapatuka ku New South Wales nkukhala Victoria mu 1851 anakhala mkulu woyamba wa masaveya kumeneko, koma golide atabweretsa chikhamu cha anthu ofuna malo, boma linaona kuti mdalayu akuchedwetsa zinthu ndipo mu 1853 anamupumitsa nkuikapo Andrew Clarke. Penshoni anaidya zaka 28, mnyumba yomwe anamanga pa kona ya Bourke Street ndi Spencer Street, mpaka anamwalira mu October 1881.