Malonda a mkaka wa m'chitini pa intaneti: zoyenera kudziwa makolo

Mayi amene mwana wake walira usiku wonse akatenga foni n'kulemba pa Google kufunsa chimene chavuta, mayankho oyamba kuonekera si nthawi zonse pamene amachokera kwa madokotala. Makampani amalipira ndalama kuti uthenga wawo uzikhala pamwamba munthu akalemba mawu ena ake, ndipo amene walipira bwino ndiye kawirikawiri amaoneka poyamba. Mauthenga oterewa amakhala ndi kachizindikiro kakang'ono kolembedwa kuti Sponsored, kamene munthu wotopa ndi wodera nkhawa khanda lake sakaona n'komwe.

Opanga mkaka wa m'chitini wa makanda akhala akugwiritsa ntchito njira zokopa makolo kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1970 kunamveka madandaulo oti makampani ankatuma ogulitsa ovala ngati anamwino kukayendera amayi ongobereka kumene ndi kuwagawira mkaka waulere. Mayi akadalira mkakawo, wa m'mawere unkachepa, ndipo waulere uja ukatha banja linkayenera kugula lokha. Nkhaniyi inakwiyitsa anthu mpaka mu 1977 ku United States anayamba kunyanyala katundu wa kampani ya Nestlé, ndipo mu 1981 mayiko a m'bungwe la zaumoyo la WHO anagwirizana malamulo oletsa kutsatsa mkakawu kwa anthu wamba, kugawira amayi zitini zaulere ndi kupereka mphatso kwa ogwira ntchito m'zipatala. Malawi nayenso anaika zambiri mwa mfundozi m'malamulo ake.

Lero wogulitsa uja savalanso yunifolomu, ali m'foni. Mu 2022 WHO ndi UNICEF anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anafunsa makolo ndi amayi oyembekezera 8,500 m'mayiko 8, kuphatikizapo South Africa, Nigeria ndi Britain, ndipo opitirira theka ananena kuti malonda a mkakawu anawafikapo. Chaka chomwecho WHO inaonetsa kuti makampani amalowa m'magulu a amayi pa masamba a mchezo, amalipira anthu otchuka kuti ayamikire mkaka wawo, amachititsa mipikisano, ndiponso amasonkhanitsa mbiri ya amayi kudzera m'mapulogalamu owerengera masabata a mimba. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti kulira, kubwezera mkaka ndi kudzukadzuka usiku, zimene zili chikhalidwe cha khanda lililonse, zimafotokozedwa ngati matenda ofuna chitini chapadera, mpaka mayi amayamba kukayikira bere lake lomwe.

Malangizo a zaumoyo sanasinthe. Mwana ayambe kuyamwa pasanathe ola limodzi atabadwa, kuti alandire mkaka woyamba wachikasu uja umene umamuteteza ku matenda. Ayamwitsidwe mwakathithi kwa miyezi 6, osamupatsa madzi, phala kapena tiyi, kenaka ayambe zakudya zina uku akuyamwabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Mwana akamayamwa pafupipafupi mkaka umachulukanso. Mayi amene ali ndi HIV angathe kuyamwitsa ngati akumwa ma ARV mwandondomeko ndi kutsatira uphungu wa kuchipatala.

Pali ana ena amene amafunikiradi mkaka wa m'chitini, monga amene mayi awo anamwalira kapena akudwala kwambiri, ndipo banja lotere lisachite manyazi. Koma chiganizochi chichokere kwa dokotala kapena namwino, osati pa malonda. Ufa wa mkakawu ungathe kukhala ndi tizilombo, choncho usungunulidwe ndi madzi owiritsa amene akadali otentha osachepera madigiri 70, muyeso wake usachepetsedwe pofuna kuti chitini chikhalitse, ndipo mwana amwetsedwe utazizira, ndi kapu yotsukidwa bwino, chifukwa botolo limavuta kutsuka ndipo limabweretsa matenda otsegula m'mimba.

Ngati mukuona kuti mkaka wanu ukuchepa, bere likupweteka kapena mwana sakukwera sikelo, pitani naye kusikelo kapena muonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kuti aone mmene mwanayo akugwirira bere musanagule chilichonse.