Kiyibodi yanu ilibe mlandu

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva oyimba a m'makwaya a ku Ndirande ndi ku Limbe akunena kuti mawu akamachedwa pojambula manoti pa kompyuta, ndiye kuti kiyibodi kapena chingwe cha MIDI (cholumikizira kiyibodi ku kompyuta) n'chotchipa. Zimandiwawa, chifukwa ena amawononga ndalama kugula zatsopano, vuto osatha.

Uthenga wa noti imodzi umadutsa m'chingwe cha MIDI pafupifupi milisekondi 1 yokha (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Chochedwetsa chenicheni ndi buffer ya mawu mu kompyuta, malo amene kompyuta imayamba yasonkhanitsamo tizidutswa ta mawu isanawatulutse. Pa 44,100 Hz (tizidutswa ta mawu 44,100 pa sekondi), buffer ya tizidutswa 1024 imatenga mamilisekondi 23, pomwe ya 128 imatenga 3 okha. Mahedifoni a Bluetooth amawonjezeranso kuchedwako.

Musanauze mnzanu kuti akagule chida china, yambani mwayesa nokha: tsitsani buffer, ikani draiva ya ASIO (pulogalamu yothandiza kompyuta kutulutsa mawu msanga) ngati muli pa Windows, lumikizani mahedifoni a chingwe, kenako muyimbenso.