Musanafufute package yakale mu seva, funsani kaye amene amaiitana

Kampani kapena sukulu yokhala ndi makompyuta a Mac mazana angapo siyendera kompyuta imodziimodzi poika mapulogalamu. Imakhala ndi seva imodzi, monga Jamf Pro, yolamula makompyuta onsewo. Mu sevamo muli zinthu ziwiri zomwe zimachuluka ngati udzu wa dzinja: ma package, omwe ndi mitolo ya mapulogalamu yodikira kutumizidwa, ndi ma script, timalamulo touza kompyuta kuti ichite chakutichakuti payokha.

Ife osamalira maseva tili ndi matenda amodzi. Tikaika Chrome yatsopano, yakale timati tichotsa mawa. Zaka zikapita mupeza ma Chrome khumi ndi awiri, kuphatikizapo Flash Player yomwe Adobe inaisiya pa 31 Disembala 2020, ndi mapulogalamu a 32-bit omwe Mac inaleka kuwayendetsa pomwe macOS Catalina inatuluka mu 2019. Ma script nawo chimodzimodzi. Apple itatulutsa macOS 12.3 mu 2022 inachotsamo Python 2.7, chilankhulo cholembera ma script, ndipo script iliyonse yoyamba ndi mzere wa #!/usr/bin/python inasanduka mtembo. Ambiri akadali m'maseva mpaka lero.

Malo odzaza si nkhani yaikulu. Chondidetsa nkhawa ine n'chakuti mnzanu watsopano pantchito angasankhe Chrome ya zaka zitatu zapitazo, yodzaza mabowo olowera akuba, n'kuitumiza kwa aliyense. Komanso ma script akale ambiri ali ndi pasiwedi yolembedwa poyera, yomwe wolembayo adaiyiwala kalekale atapita kwina.

Koma posesa m'pamene anthu amapsa. Package yooneka ngati yagona siikhala yopanda ntchito nthawi zonse. Ine zinandionekera. Pamalo ena pomwe ndinkagwira ntchito ndinapeza policy, lamulo lotumiza package, yomwe sinali ndi nthawi yake yoyendera. Ndinati izi n'zinyalala, n'kufufuta zonse Lachisanu madzulo. Lolemba kunabwera ma laputopu atsopano asanu, onse osatha kulumikizana ndi printa. Kani script ina yokonzera makompyuta atsopano inkaiitana policy ija ndi dzina, pa mzere wa jamf policy -event. Pa mndandanda wa seva ubale umenewo sunkaoneka. Unali mkati mwa script, pamzere womwe sindinawerenge.

Chiyambire tsikulo, package ndimaifufuza m'ma policy, mu Patch Management (gawo losinthira mapulogalamu akale ndi atsopano), ndi mu PreStage Enrollment, momwe mumakhala zoikidwa pa Mac ikangotuluka m'katoni. Kenako ndimasaka dzina lake m'mawu a ma script onse. Za mu Self Service, momwe ogwira ntchito amadziikira okha mapulogalamu, ndimazisamala kwambiri, chifukwa pulogalamu ya owerengera ndalama ikhoza kukhala miyezi khumi osakhudzidwa, n'kudzafunika kutha kwa chaka.

Ngakhale zonsezi zitandiuza kuti ilibe mwini, sindifufuta tsiku lomwelo. Policy ndimangoizimitsa, n'kuisamutsira ku gulu lomwe ndinalitcha "zokatayidwa", ndi kulembapo tsiku. Ma script ndimakopera ku Git (chosungira mafayilo ndi mbiri ya kusintha kwake), ma package ku diski ina, poti database ya seva imasunga dzina chabe, mtolo weniweniwo umakhala ku distribution point, malo omwe makompyuta amakatengako ma package. Pakatha miyezi itatu popanda wodandaula, apo ndiye ndimafufuta, Lachiwiri m'mawa anthu onse ali mu ofesi.