Magetsi athu ndi a madzi, koma dziko likuyendera dizilo

Pa wailesi akamakamba zoti mayiko asiye mafuta ndi malasha n'kutsata mphamvu zosaononga chilengedwe, ambiri timaganiza za mafakitale ofuka utsi a ku China, kapena za South Africa kumene magetsi ochuluka amapangidwa potentha malasha. Ine ngati injiniya wa zamagetsi kuno ku Mzuzu, nkhaniyi ndimaiona mwina, chifukwa Malawi sadwala matenda a mayiko amenewo. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuno kumpoto tilinso ndi kamalo kakang'ono pa mtsinje wa Wovwe ku Karonga, ka ma megawati 4.5. Pamagetsi, tinayamba kale kukhala aukhondo ena asanayambe kuchititsa misonkhano.

Pamene tinagwidwa pakhosi ndi pamsewu. Dontho lililonse la petulo, dizilo ndi palafini limachokera kunja, ndipo dziko lathu lilibe doko. Mafuta amatsikira ku Dar es Salaam, Beira kapena Nacala. A ku Dar es Salaam ndi omwe timawaona ndi maso athu, magalimoto a mathanki akulowa pa Songwe, kudutsa Karonga, kukwawa pa chikweza cha Chiweta mpaka kufika mumzinda muno, kumene NOCMA, kampani ya boma yoitanitsa ndi kusunga mafuta, ili ndi nkhokwe zake ku Sonda. Galimoto yonyamula dizilo nayonso imamwa dizilo, ndiye mtengo wa ulendowo umalowa mu lita imene mukugula.

Wogulitsa kunjako safuna kwacha, amafuna dola. Dolayo timaipeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina, ndipo siikwanira kugula mafuta, feteleza ndi mankhwala nthawi imodzi. Mizere ya pamalo omwetsera mafuta, imene tinaiona mu 2011 ndipo inabweranso mu 2022 ndi 2024, gwero lake linali limeneli. Mafuta padziko analipo, ife ndiye tinalibe chogulira. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lita yomweyo inafuna makwacha ambiri ngakhale sitima inabweretsa mafuta ofanana ndi akale. MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ikalengeza mtengo watsopano, minibasi ya ku Nkhata Bay imakwera, usipa umakwera, chigayo cha dizilo kumudzi chimakweza, wa kabaza ya njinga yamoto nayenso amawonjezera. Anyamata a sacramento amene amapalasa ndi miyendo sagula petulo, koma ufa amagula pamtengo wokwera womwewo.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Mumtengo wa lita muli ndalama zapadera zimene boma limadula, ina yokonzetsera misewu, ina yopititsira magetsi kumidzi kudzera mu ndondomeko ya MAREP. Ndiye kuti mapolo ena amene akulowa kumidzi ya ku Mzimba ndi Rumphi alipiridwa ndi anthu ogula petulo. Tsiku limene tidzachepetsedi kugula mafuta, boma lidzayenera kupeza thumba lina.

Dizilo amalowanso m'magetsi pakhomo lakuseri. Madzi atatsika m'nyanja cha m'ma 2017, makina a pa Shire anafooka, ndipo dziko linabwereka majenereta a kampani ya Aggreko amene ankapanga magetsi odula kwambiri. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 n'kuchoka tsiku limodzi, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi asanabwerere. EGENCO, kampani ya boma yopanga magetsi, ilinso ndi majenereta ake a dizilo, ena ali ku Luwinga konkuno. Onjezani tijenereta ta m'mashopu, m'malo ometera ndi mowotcherera zitsulo timene timalira magetsi akangozima. Kuika mazira onse mudengu la mtsinje umodzi ndiko kumatibweza ku dizilo nthawi iliyonse Shire akadwala.

Ndipo Shire amadwalanso chifukwa cha mbaula zathu. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Makala si mafuta okumbidwa pansi ayi, koma mitengo ikatha m'mapiri, dothi limakokolokera mumtsinje, matope ndi namasupuni zimatseka polowera madzi, makina amaima, jenereta imayaka. Njinga zonyamula matumba a makala zimene zimalowa m'Chibavi ndi m'Mchengautuwa m'bandakucha zikutiuza zomwe zikuchitikira nkhalango zotizungulira. Apa ndilankhule zimene anzanga ena a zachilengedwe sakonda kumva: gasi wophikira ndi m'bale wake wa petulo, amagulidwanso ndi dola, komabe banja la m'tauni likachoka pa makala kupita pa gasi, ine ndimati lapita patsogolo. Utsi umachepa m'khitchini, mapapo a mayi ndi mwana wakumsana amapuma, mtengo umatsala. Amene sangakwanitse silinda, chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu.

Nanga dzuwa? Lafika ndithu. Ku Salima kuli munda wa sola wa ma megawati 60 umene unayamba kugwira ntchito mu 2021, ku Golomoti m'boma la Dedza kuli wa ma megawati 20 wokhala ndi mabatire, ndipo ku Nkhotakota kulinso wina. Vuto la sola ndi nthawi. Magetsi amafunika kwambiri madzulo, anthu akaweruka, ayatsa mababu, mbaula za magetsi ndi ma TV, nthawi imene dzuwa lalowa kale. N'chifukwa chake mabatire a ku Golomoti ndi ofunika kuposa kukula kwake: amasunga za masana kuti zithandize dzuwa likabisala. Madzi ndi dzuwa zimagwirizananso bwino, pakuti masana sola ikamagwira ntchito, madzi angathe kusungidwa kudamu kudikira madzulo. Damu la Mpatamanga limene likukonzedwa pa Shire analilinganiza ndi maganizo amenewa, ngakhale kuti nalonso lili pamtsinje womwewo. Chingwe cha magetsi cholumikiza Phombeya ku Balaka ndi Mozambique cholinga chake n'kutipatsa kolowera kwina.

Kwa inu amene mukufuna sola panyumba muno mu Mzuzu, kumbukirani nyengo yathu. Juni ndi Julayi kumakhala nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo motsatizana, ndipo mapanelo amene amadzaza batire ku Karonga pofika masana angalephere kuno. Woika sola wodziwa ntchito amawerengera mwezi woipitsitsa, ndipo amayamba wafunsa zimene mudzalumikize. Mababu, foni, TV ndi firiji yaing'ono n'zotheka. Ayironi, ketulo ndi mbaula ya magetsi zimapha batire msanga. Ambiri amene amati sola ndi bodza anagula batire ya galimoto, imene siinapangidwe kuti izitha ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku.

Pamsewu ndiye pali ulendo wautali. Tili ndi poyambira: kuyambira 1982 ku Dwangwa amapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo amasakanizidwa ndi petulo. PressCane ku Chikwawa inadzawonjezera pambuyo pake. Lita iliyonse ya ethanol ndi dola imene yatsala m'dziko, koma kuchuluka kwake kumadalira nzimbe zimene zagayidwa chaka chimenecho. Magalimoto a magetsi sindikuwayembekezera msanga pa msewu wa ku Usisya. Ndimayang'ana njinga zamoto zoyendera batire, zimene zayamba kale kunyamula anthu ku Kigali ndi Nairobi, chifukwa wa kabaza amazungulira m'tauni momwemo ndipo angathe kusintha batire pamalo amodzi. Zinanso zosavuta kusamutsa ndi zigayo ndi mapampu othirira, popeza zimagwira ntchito masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo sizifuna batire yaikulu. Malasha a ku Rumphi apitirizabe kupita kumafakitale kwa zaka zingapo, koma kumanga malo atsopano opangira magetsi ndi malasha, monga ankafunira ku Kam'mwamba, ndalama zake zikuvuta kupeza, chifukwa mabanki akuluakulu ambiri anasiya kubwereketsa pa ntchito zotere.